Masewera a m'thumba: momwe ntchito ikuyendera ku Mzuzu

Sabata 1, Epulo

Tagwirizana chomwe tikupanga: kathumba kamodzi kolowa m'chikwama cha mwana wa sukulu, kokhala ndi masewera a anthu awiri osadalira dayisi kapena makhadi, koma mutu basi. Malamulo ake afotokozeke mphindi zitatu zisanathe, ndipo gemu imodzi isapitirire mphindi 20, kuti ikwane pakati pa kutereka madzi ndi kupakula nsima.

Chomwe chagwetsa masewera ambiri pa mndandanda wathu si kukoma kwake ayi, koma kuchuluka kwa zosewerera. Othello imafuna tizidutswa 64, kalikonse koyera mbali ina, kakuda mbali inayo. Hex, yomwe Piet Hein anaipeka ku Denmark mu 1942, tinaikonda chifukwa osewera sangalepherane, wina amapambana basi, koma bolodi yake yodziwika ili ndi malo 121. Fanorona ya ku Madagascar imafuna 22 mbali iliyonse. Pakhomo pa ana, zosewerera zimasowa sabata yoyamba yomwe, ndipo ngati zili zoti simungazipeze pa golosale, masewerawo athera pomwepo.

Tatsala ndi atatu omwe onse amaseweredwa ndi 12 mbali iliyonse: drafuti, morabaraba ya ku South Africa, ndi dara ya ku Nigeria. Zitsekerero za mabotolo 24 zikwanira onse atatu, ndipo chikatayika chimodzi, mwana akatola china pa shopu iliyonse kuchokera ku Mchengautuwa mpaka ku Luwinga. Bawo taipatula, ikhala ntchito yapayokha, chifukwa iyo imafuna maenje ndipo nsalu siikumbika.

Sabata 2

Muyeso wonse ukuchokera pa chitsekerero. Chachitsulo chija, kuyeza ndi mano ake omwe, chimafika 3.2 cm, chapulasitiki chimachepera pang'ono, cha m'ma 3 cm. Tinayesa timabokosi ta 3.5 cm kuti nsalu ichepe, koma zala za munthu wamkulu zimakankha chitsekerero choyandikana nacho ponyamula. Takhazikika pa 4 cm. Timabokosi 8 ndi 32 cm, kuonjezera m'mphepete 4 cm mbali zonse, nsalu yomalizidwa ikhala 40 cm kwa 40 cm. Podula tikusiya 43 cm kuti a telala apeze popinda. Pa mita imodzi ya nsalu yotambalala 150 cm pakutuluka zidutswa 6, ndiye kuti mabolodi atatu, poti bolodi iliyonse ndi zidutswa ziwiri zosokedwa msana ndi msana, mbali ina drafuti, inayo morabaraba.

Chitenje cha ku msika wa Taifa tachisiya kuti chikhale cha thumba lokha. Maluwa ake amasokoneza maso, munthu saona bwino mizere. Bolodi yeniyeni tikuijambula pa kaliko wokhuthala wopanda maluwa.

Cholakwika chachikulu sabata ino: zidutswa zoyamba tinajambula tisanachape. Kaliko watsopano amafupika akachapidwa koyamba, ndipo safupika mofanana m'litali ndi m'lifupi, choncho timabokosi tinasanduka totalika mbali imodzi. Komanso nsalu yatsopano imabwera ndi zoumitsa za ku fakitale zomwe zimakana utoto. Kuyambira pano, nsalu iliyonse ichapidwe ndi madzi otentha, iyanikidwe, isitidwe, kenako idulidwe.

Sabata 3

Sabata ya utoto, ndipo yatidyera nsalu yambiri.

Utoto wamafuta wopakira zitseko unaoneka bwino tsiku loyamba. Titaipinda nsaluyo kangapo unang'aluka motsatira mopindamo, ndipo mafuta ake anafalikira kunja kwa mzere ngati chizimezime chachikasu. Ndi mvula yowaza ya Epulo kuno, unatenga masiku atatu usanaume. Maka yolembera pa makatoni inathamanga motsatira ulusi, mizere n'kukhala ya ubweya. Womwe wagwira ndi utoto wa nsalu wosungunulira madzi, womwe amagwiritsa ntchito odinda malaya. Ukauma tsiku lathunthu, mumayala kansalu kena pamwamba n'kusita ndi simbi yotentha kwa mphindi zitatu mpaka zisanu, osaika madzi. Osasita, umasuluka pochapa koyamba.

Kachitidwe komwe katipatsa mizere yoyera ndi aka. Nsalu imangidwe pa thabwa losalala ndi timapini, yosakokedwa kwambiri, chifukwa mukaikoka mizere imakhota mukaimasula. Jambulani mizere ndi pensulo. Matani tepi yapepala mizere yoimirira ndi yopingasa, kusiya timabokosi 16 poyera, pakani, dikirani ziume, matulani, kenako matani kachiwiri kuti mupake 16 totsala. Kupaka tonse 32 nthawi imodzi sikutheka ndi tepi chifukwa timabokosi takuda timakhudzana pa makona. Musakoke burashi ngati mukupaka khoma. Gwiritsani kasiponji konyowa utoto pang'ono, muzidinda kuchokera pa tepi kulowera mkati. Utoto ukachuluka umalowa pansi pa tepi.

Pakani chidutswa chilichonse pachokha musanasoke. Tinayesa kupaka bolodi yosokedwa kale ndipo utoto wa drafuti unatulukira ku mbali ya morabaraba.

Sabata 4

Morabaraba ndi mabokosi atatu, lina mkati mwa linzake, olumikizidwa pakati pa mbali iliyonse komanso m'makona, malo onse 24. Poyamba bokosi lamkati tinalipanga la 6 cm, malo ake n'kutalikirana 3 cm yokha, zitsekerero n'kumakwerana. Muyeso wabwino ndi 30 cm, 20 cm ndi 10 cm. Pa mphambano iliyonse tikudinda kadontho kakuda kakukula ngati ndalama yachitsulo, chifukwa ana ankaika zitsekerero pakati pa mzere pomwe palibe malo.

Dara sikufuna nsalu yake. Imaseweredwa pa timabokosi 30, mizere 5 kwa 6, ndiye tasoka ulusi wofiira wokhuthala kuzungulira timabokosi 30 mkati mwa bolodi ya drafuti. Aliyense amaika zake 12 chimodzichimodzi mosinthana, osaloledwa kupanga mzere wa zitatu pa nthawi yoikayi. Zikatha, mumasuntha bokosi limodzi kutsogolo, kumbuyo kapena m'mbali, osati modutsa m'makona. Wopanga mzere wa zitatu amadya chimodzi cha mnzake, koma mzere wa zinayi suwerengedwa. Lamulo lomalizali ndi lomwe limapatsa masewerawa mano, ndipo ndi lomwe anthu akuiwala kwambiri, choncho pa khadi la malamulo lilembedwa ndi zilembo zazikulu.

Pa chivundikiro cha thumba taonjezera kabolodi ka malo 9 ka ana aang'ono, zitatu mbali iliyonse. Woyamba akaika pakati amapambana ngati salakwitsa, ndiye lamulo lathu ndi loti ulendo woyamba pakati saikapo.

Sabata 5 ndi 6, Meyi

Tinali ndi maganizo oti bolodi yomweyo izikhala thumba: nsalu yozungulira yokhala ndi chingwe m'mphepete, mukakoka zitsekerero zili mkati. Bolodi ya 32 cm kuchokera kona kufika kona ndi 45 cm, kotero nsaluyo inafunika kukhala 52 cm. Inatsekeka bwino, koma ikatsegulidwa siyalika. Makwinya a chingwe amatsalira, zitsekerero za mzere wakumbuyo zimapendekeka, ndipo kingi wa zitsekerero ziwiri zosanjikiza amagwa. Tazisiya. Bolodi izikulungidwa ngati mkeka pa kandodo ka nsungwi ka 42 cm, osapindidwa, ndipo zitsekerero zikhale m'kathumba kawo kosokeredwa ku thumba lalikulu ndi chingwe kuti kasasiyidwe pa khonde.

Pa zitsekerero pali nkhani yaitali. Anthu a drafuti m'misika anazolowera zachitsulo, wina zoyang'ana kumwamba, wina zovundikira, ndipo njira imeneyi ndi yanzeru chifukwa siifuna mitundu. Koma tasiya nsalu imodzi yokulungidwa pamodzi ndi zachitsulo m'chipinda chopanda siling'i kwa masiku khumi, ndipo yatuluka ndi mawanga a dzimbiri osachoka ndi sopo. Chinyezi cha Mzuzu sichikhululuka chitsulo chomwe chakandika ndi chotsegulira. Mano ake amakokanso ulusi. Zapulasitiki sizichita dzimbiri koma n'zopepuka: kamphepo kakadutsa, kapena wina akakoka mphasa, gemu yabalalika.

Tayesa kuzidzaza. Phula la kandulo limatuluka lonse ngati kandalama chitsekerero chikagwa pa simenti. Utuchi wosakaniza ndi guluu wa matabwa umanyala pouma n'kusiya dzenje, ndipo sulemera mokwanira. Chomwe chagwira ndi simenti gawo limodzi, mchenga wosefa magawo awiri, ndi supuni ya guluu wa matabwa pa kapu iliyonse ya madzi osakanizira. Mizere ya mkati mwa chitsekerero, ija imagwira pakamwa pa botolo, imagwiranso simentiyo kuti isatuluke. Mudzaze mpaka pang'ono pansi pa mlomo, muvundikire ndi pepala lapulasitiki masiku atatu kuti isaume mofulumira n'kusweka, kenako mupake vanishi pamwamba kuti isamatulutse fumbi.

Mitundu: zofiira ndi zobiriwira tazikana. Magetsi akazima, pa kuwala kwa kandulo zimaoneka zofanana, ndipo alipo anthu, makamaka amuna, omwe mitundu iwiriyi saisiyanitsa ngakhale masana. Tikusonkhanitsa zoyera ndi zabuluu wakuda. M'thumba lililonse mulowa 28, zinayi zapadera.

Chenjezo lomwe lilembedwe pa thumba lenilenilo, osati pa khadi pokha: zitsekerero ndi nkhomo za bawo zisafike kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Oyesa zidole ku America ndi ku Ulaya amagwiritsa kachubu kotambalala 3.17 cm, ndipo chilichonse cholowamo chathunthu amati chingatsamwitse mwana. Chitsekerero chapulasitiki chimalowa, nkhomo ndiye osanena.

Sabata 7

Tayamba bawo yopinda. Maenje 32, mizere inayi ya maenje 8, nkhomo 64. Tikuipanga matabwa awiri, lililonse mizere iwiri, olumikizidwa ndi mahinjesi kuti itsekeke ngati buku nkhomo zili mkati.

Dzenje la 5 cm m'lifupi, 2 cm kuya, khoma la pakati pa maenje 1.2 cm. Thabwa lililonse likutuluka 51 cm m'litali, 13.6 cm m'lifupi, 3 cm kuchindikala. Tinayesa maenje a 4 cm kuti ifupike, koma zala zitatu sizilowa kukatapa nkhomo, ndipo dzenje likadzaza zimasefukira kwa mnzake. Pa bawo, nkhomo imodzi ikalowa dzenje lolakwika, kuwerenga konse kwasokonekera. Tavomereza kuti bawo siilowa m'chikwama cha sukulu. Ikhala ndi chogwirira chake.

Paini wa ku Chikangawa ndi amene amapezeka paliponse m'tauni muno ndipo ndi wotsika mtengo, koma pa ntchito iyi watikhumudwitsa. Ndi wofewa, khoma la pakati pa maenje limabenthuka tchizulo ikadutsa mopingasa, ndipo pa mfundo pamatuluka utomoni womata nkhomo. Bulugamu ndi wolemera ndipo amang'aluka kumapeto. Mlombwa ndi mbawa ndi omwe osema amakonda, ndipo n'zoona kuti sapindika, koma mitengo yachilengedwe imeneyi ikutha, ndipo sitikufuna kuti masewera a ana aonjezere nkhwangwa m'nkhalango. Tasankha malayina: ndi wobzalidwa, wopepuka, amasemeka bwino ndipo akauma sasuntha kwambiri. Vuto lake ndi loti amachedwa kuuma.

Sabata 8 mpaka 11, Juni

Masabata anayi apita pa kudikira matabwa, ndipo chifukwa chake chilembedwe bwino kuti tisadzabwereze.

Bawo yoyamba tinaisema pa thabwa lomwe kunja linkaoneka louma. Patatha sabata, matabwa onse awiri anapindika ngati chikho, bawo ikatsekedwa m'mbali n'kumatsala mpata woti nkhomo zazing'ono zimadutsa. Thabwa limanyala m'lifupi, osati m'litali, ndipo mbali yokumbidwa maenje imataya madzi mofulumira kuposa ya kumsana. Mukapaka vanishi mbali imodzi yokha mumaonjezera vutolo.

Tilibe kachipangizo koyezera chinyezi, ndiye tikugwiritsa sikelo ya kukhitchini. Thabwa lililonse lalembedwa nambala kumapeto, limayezedwa Loweruka lililonse, ndipo kulemera kwake kumalembedwa pa thabwa pomwepo. Likakhala masabata awiri osatsika, lauma molingana ndi mpweya wa m'nyumba. Tawasanja m'nyumba, osati pa khonde, ndi timitengo ta 2 cm pakati pawo kuti mpweya uzidutsa, njerwa pamwamba, ndipo kumapeto tapaka utoto wotsala kuti asang'aluke. Ndi chifunga cha Juni, matabwa osiyidwa pa khonde anayamba kulemera m'malo mopepuka.

Podikirapo tapeza bawo yophunzirira yosafuna mmisiri. Thireyi ya mazira 30 ili ndi mizere 5 kwa 6. Mukadula 4 kwa 4 pa mathireyi awiri n'kuwagundanitsa, mwapeza maenje 32 ndendende. Maenje ake ndi aang'ono, nkhomo sizikwana, koma nyemba zimakwana. Yapepala imafewa ndi chinyezi, yapulasitiki ndiyo yolimba. Nyemba ndi chimanga zimafumbwa zikakhalitsa m'thumba, choncho zikazingidwe pang'ono kaye, kapena mugwiritse timiyala tosalala ta kunyanja. Pophunzitsa ana tikuyamba ndi ziwiri m'dzenje lililonse, popanda za m'manja ndi popanda kuu (dzenje lapadera la makona anayi), mpaka azolowere kufesa ndi kudya.

Sabata 12, Julaye

Matabwa asanu ndi limodzi aima kulemera. Tasema bawo yachiwiri.

Kasemedwe: lembani pakati pa dzenje lililonse, boolani ndi drilo ya mano otambalala a 5 cm mpaka 1.2 cm yokha, kenako malizani ndi tchizulo yokhota kuti pansi pakhale ngati mbale. Dzenje la pansi pafulati ndi makona akuthwa limagwira nkhomo, zala zimalephera kuzikokolola. Semani kuchokera m'mphepete kupita pakati, motsatira mitsempha ya thabwa. Sandipepa ya 80, kenako 120, kumaliza ndi 220. Vanishi yosawala kawiri, mbali zonse ndi kumapeto komwe, tsiku lomwelo. Yowala kwambiri imaterera ndipo imathobwa m'maso padzuwa.

Kuu ndi dzenje lachisanu kuchokera kumanzere kwa wosewera, mu mzere wakutsogolo, ndipo limasemedwa la makona anayi. Apa pali msampha womwe unagwira bawo yoyamba ija: matabwa awiriwa asemedwe ofanana ndendende, kenako limodzi litembenuzidwe kuyang'ana mwini wake. Mukawasema ngati chithunzi cha pa galasi, ma kuu amayang'anizana, pomwe amayenera kuphonyana ndi dzenje limodzi. Mahinjesi apite ku mbali ya mizere yakutsogolo.

Mahinjesi awiri a mkuwa, olowetsedwa m'thabwa kuti akhale mulingo umodzi ndi pamwamba. Mukangowakhoma pamwamba, bawo ikatsekedwa imasiya mpata. Boolani kabowo kakang'ono kaye musanamange sikuluwu, chifukwa ili pafupi ndi m'mphepete ndipo thabwa limang'aluka. Chotsekera chachitsulo tachisiya. Mphira ziwiri zodula ku chubu chakale cha njinga zikugwira zolimba ndipo zikaduka zimapezeka kwa wokonza njinga aliyense. Potseka, nkhomo zonse 64 zipite ku thabwa limodzi, zinayi m'dzenje lililonse la maenje 16. Yonse ikulemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka.

Mabulo tawakana ngakhale ana amawakonda. Amadumpha, amagubuduka pansi pa mipando ndipo amaswa vanishi.

Sabata 13

Makhadi a malamulo. Tikulemba m'Chichewa mbali ina, m'Chitumbuka mbali inayo, poti m'makomo ambiri kuno agogo ndi adzukulu amacheza m'Chitumbuka. Achitumbukawo akuwerengedwa ndi eni chiyankhulo asanadindidwe. Pomata pulasitiki, siyani theka la sentimita kuzungulira pepala. Tinadula ena mpaka pa pepala penipeni ndipo madzi analowa n'kufufumitsa.

Khadi la drafuti ndi lomwe lavuta. Malamulo amasiyana bwalo ndi bwalo: kodi wamba amadya chakumbuyo, kodi kingi amauluka mzere wonse kapena amayenda bokosi limodzi, kodi wokana kudya amalandidwa chitsekerero kapena amabwezedwa kuti adye. Sitikufuna kugamula kuti olondola ndi ati. Khadi lili ndi mafunso atatuwa pamwamba, ndi mawu oti mugwirizane musanasunthe. Ena amafunsa ngati drafuti siinathe kukoma poti makompyuta anaimaliza. Jonathan Schaeffer ndi anzake ku University of Alberta anaonetsa mu 2007 kuti drafuti ya malamulo a Chingerezi imathera kulepherana ngati onse awiri salakwitsa konse. Pa mphasa palibe wosalakwitsa, ndipo zimenezo sizikhudza drafuti ya kingi wouluka.

Pa bawo talemba kayambidwe ka kuno kwathu: nkhomo 8 mu kuu, ziwiriziwiri m'maenje awiri otsatira kumanja, 20 m'manja. Ku Zanzibar amaika 6 n'kutsala ndi 22, ndiye amene anaphunzira kwa a ku Tanzania asadabwe. Malamulo onse a bawo sakwana pa khadi limodzi ndipo sitiyesa n'komwe. Khadi likungofikitsa munthu pa kufesa, kudya ndi kutakata (kufesa popanda kudya). Zotsalazo aphunzire kwa amalume kapena agogo odziwa.

Sabata 14

Mathumba oyamba abwerako kumakomo komwe tinawabwereketsa ku Chibavi, Zolozolo ndi Katoto. Nsalu zonse zachapidwa kamodzi ndipo utoto sunasuluke. Simenti yatuluka m'zitsekerero ziwiri, zonse za mabotolo a madzi zomwe mizere yake yamkati ndi yosaya. Tizisankha za zakumwa za gasi zokha. Kandodo ka nsungwi kanathyoka m'thumba limodzi, tikuyesa kapaipi kapulasitiki ka mawaya a magetsi.

Morabaraba yawonetsa vuto lomwe tinkaliyembekezera. Malo ndi 24, ng'ombe (zitsekerero zosewerera morabaraba) ndi 24, ndiye ana awiri osamala akamangotsekerana, bolodi imadzaza wina asanadye ndipo palibe wosuntha. Kwa oyamba kumene, khadi linena kuti ayambe ndi 9 mbali iliyonse ndi kusawerengera mizere ya m'makona. Akazolowera, abwerere ku 12. Lamulo loti wotsala ndi ng'ombe zitatu amauluka kupita malo alionse opanda kanthu linasowa pa khadi loyamba, taliwonjezera.

Mu minibasi ya ku Nkhata Bay nsalu yalephera: pa miyendo siikhala, ndipo m'makona a msewu uja zitsekerero zimatsetsereka ngakhale zili ndi simenti. Pa depoti podikira basi, pa benchi kapena pa katoni, ikuseweredwa bwinobwino. Bawo yachiwiri yakhala masabata awiri osapindika. Tiiyezanso mvula ikayamba mu Disembala tisanaseme zina zambiri. Sabata yamawa a telala adula mathumba khumi, ndipo tikufunika zitsekerero zoyera 140, zomwe zikusowa kuposa zabuluu.